Njira zinayi, chochita chimodzi

Launcher (kapulogalamu kotsegulira mapulogalamu ndi kuyendetsera malamulo mwachangu) imene ndimalemba ndekha pa Linux ili ndi njira zinayi zoyambitsira chochita chilichonse. Mutha kudina Alt ndi Space, kabokosi n'kutulukira pakati pa sikirini, inu n'kulembamo zilembo ziwiri zitatu n'kudina Enter. Mutha kumangirira chochitacho ku batani lakelake pa kiyibodi kuti chizigwira ntchito kabokosi kasanaoneke n'komwe. Mutha kuchiitana mu terminal, windo yolembamo malamulo. Muthanso kudina batani lobwereza zimene munachita komaliza. Wogwiritsa ntchito alibe nazo ntchito kuti wadzera njira iti. Iye akati "chepetsa chithunzi ichi", akufuna chithunzi chimene akuchionacho chichepe, lero ndi mawa, kaya wadina batani kaya walemba lamulo.

Koma kwa kompyuta njira zinayizi ndi malo anayi osiyana kotheratu, ndipo mpamene ma launcher amapunthwa. Ine mfundo imene ndaimapo ndi iyi: chochita chisamadzifufuzire chokha komwe chili. Chisamafunse kuti windo imene ili patsogolo ndi iti, chisamawerenge chokha clipboard (mosungira zimene mwakopera), chisamadalire foda imene changopezekamo. Zonsezo zitoleredwe kamodzi, pa nthawi imodzi yodziwika, ziikidwe m'phukusi, ndipo phukusilo chochitacho chilandire m'manja. Komanso mu pulogalamu yonse mukhale function imodzi yokha yololedwa kuyambitsa process (pulogalamu imene ikuyenda) yatsopano. Plugin iliyonse yofuna kuyendetsa kanthu idzere pamenepo.

Ndiyambe ndi PATH, mndandanda wa mafoda amene kompyuta imafufuzamo malamulo, poti ndi imene imaluma anthu ambiri. Mukatsegula terminal, bash, shell imene imalandira malamulo anu, imawerenga fayilo ya ~/.bashrc, ndipo mmenemo ndi mmene anthu amaunjikamo zawo zonse: ~/.local/bin, ~/.cargo/bin ya Rust, mizere ya nvm ya Node, ma alias. Launcher sidzera mmenemo. Imayambitsidwa ndi desktop kapena systemd (yoyambitsa ndi kuyang'anira mapulogalamu pa Linux) munthu akangolowa mu akaunti yake, .bashrc osaiona n'komwe. Ndiye script imene ikuyenda bwinobwino mu terminal, mukaiitana ndi batani imangoti zii. Uthenga woti lamulolo silinapezeke umalembedwa ndithu, koma umapita ku stderr, kotulukira mauthenga a zolakwika, kumene palibe akuyang'ana. Pa macOS nkhani ndi yomweyi. Pulogalamu yotsegulidwa kuchokera ku Dock kapena Finder imalandira PATH yaifupi ya launchd, /usr/bin:/bin:/usr/sbin:/sbin, pomwe Homebrew, yoikira mapulogalamu, pa makina a Apple Silicon imaika zinthu zake mu /opt/homebrew/bin.

Njira yachidule imene imabwera msanga m'mutu ndi yokulunga chochita chilichonse mu `bash -lic`, kuti shell iwerenge mafayilo ake onse ngati kuti munthu watsegula terminal. Ine ndimakana. Choyamba imachedwetsa, chifukwa .bashrc yokhala ndi nvm imadya nthawi yoti munthu amaiona ndi maso, pomwe phindu lonse la launcher ndi changu. Chachiwiri, .bashrc ndi ya mwini wake ndipo amalembamo zimene akufuna. Wina amasindikizamo moni, moniyo n'kusakanikirana ndi zotsatira za script yanu. Wina anaikamo `exec tmux`, ndiye chochita chanu chimalowa mu tmux, pulogalamu yogawa terminal, osabwerako. VS Code, pulogalamu yolemberamo code, imafunsa shell za environment (ma variable onga PATH) kamodzi kokha poyamba, ndipo shell ikachedwa imasiya n'kuchenjeza munthu. Nanenso ndimatero: launcher ikamadzuka imafunsa shell kamodzi, imadikira masekondi awiri basi, imatengako PATH ndi ma variable ochepa amene ndinawalemba pamndandanda, zina zonse n'kuzisiya. Kwa amene ali ndi systemd ndimawalimbikitsa kulemba PATH yawo mu ~/.config/environment.d/, chifukwa ma desktop amene amayambitsa zinthu kudzera mu systemd amaitenga kumeneko.

Nanga chochita chikaitanidwa mu terminal, kumene environment yake ndi yodzaza kale? Apa ndinasankha chinthu chimene ena amachiona chouma mtima. Lamulo la mu terminal siliyendetsa chochitacho lokha. Limangotumiza uthenga kwa launcher imene ikuyenda kale, kudzera pa socket, n'kunena dzina la chochita, mafayilo, ndi foda imene munthuyo ali. Environment ya terminal siipita nawo. Zotsatira zake, script imene ikulephera pa batani imalepheranso mu terminal, mofanana ndendende, ndipo mu terminal ndi mmene mungathe kuona chifukwa chake. Mtengo wake ulipo: mukalemba `DEBUG=1` kutsogolo kwa lamulo, variable imeneyo siifika. Ndinawonjezera `--env` kuti amene akufunadi kutero anene poyera. Kuli bwino chinthu chilephere paliponse kusiyana n'kuti chizitheka pamene mukuchiyesa pokha.

Za shell ndinenenso kamodzi n'kupitirira. Pa Debian ndi Ubuntu /bin/sh ndi dash, osati bash, choncho mzere wokhala ndi `[[ ]]` ukadzera mu `sh -c` umasweka. Script iliyonse ndimaiyendetsa ndi mzere wake woyamba wa `#!`, sindiisankhira shell.

Vuto lalikulu kuposa PATH ndi nthawi. Taganizirani chochita chakuti "mata ngati mawu wamba", chimene chimachotsa mitundu ndi kakulidwe ka zilembo pa zimene mwakopera n'kuzimata mu windo imene mukulembamo. Chikaitanidwa ndi batani lakelake, windo imene ili patsogolo ndi ya kalata yanu, zonse zili bwino. Chikaitanidwa kudzera m'kabokosi, windo imene ili patsogolo ndi launcher yomweyo, chifukwa kabokosi kakangotseguka kamalanda focus, kutanthauza kuti zimene mukulemba zimapita kwa iko. Chochita chikafunsa chokha kuti "ndimate kuti?" chimadzimatira m'kabokosi momwemo. Ena amathana nazo pobisa kabokosi n'kudikira mamilisekondi 200 kuti focus ibwerere komwe inali. Zimatheka pa kompyuta yanu, n'kulephera pa kompyuta yochedwa ya munthu wina, kapena pa desktop imene imapereka focus kwa windo imene mausi aloza. Zili ngati kutuma mwana kuti akapereke kalata kwa amene amupeze pakhomo: apereka ndithu, koma kwa aliyense amene waima pamenepo nthawi imeneyo. Mumutchulire dzina.

Ndiye phukusi lija limamangidwa batani likangodinidwa, kabokosi kasanajambulidwe. Pa X11, dongosolo lakale loonetsera mawindo pa Linux, ndimawerenga _NET_ACTIVE_WINDOW n'kusunga nambala ya windoyo, dzina la pulogalamu yake ndi mutu wake. Ndimatenga zimene zili mu clipboard. Ndimatenganso PRIMARY, kumene X11 imasunga mawu amene mwangowasankha ndi mausi, aja mumamata podina batani lapakati. PRIMARY ili ndi msampha wakewake. Kabokosi kanga kakatseguka kamasankha mawu onse amene munalemba ulendo wapita kuti mukayamba kulemba afufutike, ndipo pa X11 kusankha kumeneko n'kokwanira kulanda PRIMARY. Mwasankha ndime yonse m'nkhani kuti muifufuze pa intaneti, mwatsegula launcher, ndimeyo yapita, m'malo mwake mwalowa zilembo zitatu zadzulo. Mukawerenga kabokosi katatseguka kale, mwachedwa.

Pomata, chochita sichingoyembekezera kuti focus ibwerera. Chimapempha kuti windo ya nambala ija ibwere patsogolo, chimadikira mpaka desktop itatsimikiza kuti yabweradi, kenako n'kumata. Windoyo ikakhala kuti yatsekedwa, chimasiya n'kunena. Mawu a munthu, mwina achinsinsi, asagwere mu windo imene sanaifune.

Batani lobwereza ndi limene linandiganizitsa kwambiri, chifukwa limafunsa funso limene njira zina zitatuzo sizifunsa: kubwereza n'kuchitanso ndi phukusi lakale kapena latsopano? Mukabwereza "tsegula fayilo ya malipoti", mukufuna fayilo yomwe ija. Mukabwereza "mata ngati mawu wamba", mukufuna clipboard ya pano ndi windo ya pano. Kumata zakale mu windo yakale kungakhale kuwononga. Mukabwereza "sunthira ku foda ya zithunzi", mukufuna fayilo yatsopano koma foda yomwe ija. Palibe yankho limodzi loyenera zonse, ndipo launcher ikasankha limodzi, theka la zochita limasokonekera.

Quicksilver, imene Nicholas Jitkoff anatulutsa pa Mac mu 2003, inagawa lamulo patatu: chinthu, chochita, ndi chachitatu ngati chikufunika, monga foda yosunthirako. Kugawa kumeneko kunandithandiza kuona kuti m'phukusi muli zinthu za mitundu iwiri. Pali zimene munthu anasankha ndi dzanja lake m'kabokosi, ndipo pali zimene launcher inangozipeza pamalopo. Pobwereza, zosankhidwa ndi dzanja zimakhala momwemo, zongopezeka pamalo zimatengedwanso zatsopano. Kuti zimenezi zitheke, chochita chilichonse chimalemba pamwamba pake zimene chikufuna, mwachitsanzo:

`needs = ["files", "window"]`

ndipo chimalandira zimenezo zokha. Chimene sichinapemphe clipboard sichiiona. Zimenezi zinabweretsanso phindu lina: plugin yowerengera masamu ilibe njira yosuzumira password imene mwangokopera kumene.

Mzere womwewo ndi umene umandipulumutsa pa Wayland, dongosolo latsopano lolowa m'malo mwa X11. Kumeneko pulogalamu wamba siuzidwa za mawindo a mapulogalamu ena ndipo siloledwa kuwatumizira mabatani abodza. Anachita dala, pofuna chitetezo, ndipo ine ndikugwirizana nazo ngakhale zimandiwonjezera ntchito. xdotool, yotumizira mawindo mabatani abodza, imangoona mawindo a XWayland (a X11 oyenda mkati mwa Wayland). Pa ma desktop a Wayland, Sway imayankha mukaifunsa ndi `swaymsg -t get_tree`, Hyprland ili ndi `hyprctl activewindow`, pomwe pa GNOME pamafunika extension ya mu shell yake. Choncho pali makompyuta amene malo a "window" m'phukusi amakhala opanda kanthu. Zikatero chochita chofuna windo sichiyesa n'komwe. M'kabokosi chimaoneka chotuwa ndi mawu ofotokoza chifukwa. Pa batani chimatulutsa uthenga womwewo. Mu terminal chimasindikiza uthenga womwewo n'kubweza nambala yosonyeza kulephera. Kukana nakonso kuyenera kufanana m'njira zonse zinayi. Chimene sindifuna ndi chochita chimene chakopera mawu, chalephera kumata, n'kukhala chete ngati zatheka.

Foda yogwiriramo ntchito ndi nkhani yaifupi. Launcher yoyambitsidwa ndi desktop nthawi zambiri imakhala mu foda yanu yaikulu kapena pa /, ndiye script ikalemba `output.png` osanena kuti pati, fayiloyo imakagwera kumene simungaiganizire. Ine mafayilo onse ndimawasandutsa adiresi yathunthu yoyambira pa / asanalowe m'phukusi, ndipo foda yogwiriramo imatchulidwa nthawi zonse: ya fayilo imene yasankhidwa, kapena imene terminal inatumiza, kapena ya mzere wa Path= ngati fayilo ya .desktop (yofotokoza mmene pulogalamu imatsegulidwira) ili nawo.

Adiresi yathunthu imathetsanso kavuto kena. Fayilo yotchedwa `-rf` ikaperekedwa momwemo, pulogalamu imaiyesa option. Ikaperekedwa ngati /home/.../-rf imakhala fayilo basi. Ndipo function yoyambitsa process ija silandira chiganizo, imalandira mndandanda: pulogalamu payokha, argument iliyonse payokha. Anthu amatcha mafayilo awo mmene afunira, monga `lipoti la chaka (lomaliza).pdf`. Dzina limenelo mukaliphatikiza m'chiganizo n'kupereka kwa shell, mipata imalidula zidutswa ndipo mabulaketi amasokoneza shell. Likakhala ndi `$(...)` mkati, ndiye kuti dzina la fayilo layendetsa lamulo pa kompyuta yanu.

Mafayilo a .desktop ali ndi malamulo awoawo amene ndi osavuta kuwaphonya. Mzere wa Exec= umaoneka ngati lamulo la shell koma si shell: ~ satambasulidwa, ndipo | sagwira ntchito. `%F` amalandira mafayilo ambiri nthawi imodzi, `%f` amalandira imodzi, kutanthauza kuti munthu akasankha mafayilo atatu launcher iyenera kutsegula pulogalamuyo katatu. `%u` ndi `%U` amalandira ma URL. Apa njira zolowera zimasiyananso mwakachetechete: fayilo yokokedwa ndi mausi kuchokera ku pulogalamu yoonera mafoda imafika ngati `file:///home/.../lipoti%20la%20chaka.pdf`, pomwe ya mu terminal imafika ndi mipata yake yeniyeni. M'phukusi zonse zimasungidwa m'njira imodzi, ndipo zimasandulika URL pokhapokha Exec= yapempha. Amene akulemba ndi GLib asavutike kulemba zimenezi yekha, GDesktopAppInfo imazichita kale bwino.

Tsopano process yayamba. Ikhala moyo mpaka liti? Launcher yanga imayenda ngati service ya systemd, ndipo service ikaimitsidwa, systemd mwachizolowezi imapha chilichonse chimene chili mu cgroup yake, gulu la ma process ake. Chilichonse chimene launcher inatsegula chili mmenemo. Ndiye mukayambitsanso launcher chifukwa mwasintha mtundu wa kabokosi, browser ndi editor zimene munatsegula m'mawa zimatsekeka pamodzi, ndi ntchito yosasungidwa yomwe. `setsid` ndi `nohup` sizithandiza pano, chifukwa zimateteza ku SIGHUP, chizindikiro chakuti terminal yatsekedwa, koma sizitulutsa process mu cgroup. Chimene chimathandiza ndi `systemd-run --user --scope`, kuti pulogalamu iliyonse ikhale ndi cgroup yakeyake. Vutoli simungalione mukamayesa launcher mu terminal, chifukwa mmenemo siyenda ngati service.

Pali lina lofanana nalo, ndipo ndi limene limabisala kuposa onse. Mukayambitsa process n'kulumikiza stdout yake (kotulukira zimene imasindikiza) ku pipe (kanjira kofikitsa zimenezo kwa launcher) koma osawerenga pipeyo, pa Linux imasunga 64 KiB yokha. Ikadzaza, process imaima pa mzere umene ikufuna kulemba, n'kudikira mpaka kalekale. Pulogalamu yosalankhula kwambiri imayenda masiku ambiri osafika pamenepo. Yolongolola, imene imasindikiza machenjezo pa chilichonse, imagwira ntchito theka la ola kenako windo yake n'kuuma gwa, munthu n'kumaimba mlandu pulogalamuyo pomwe cholakwa chili kwa launcher. Mbali inayo ilinso ndi msampha. Pa X11 ndi pa Wayland zimene mwakopera zimasungidwa ndi pulogalamu imene inakopera, n'chifukwa chake `xclip` ndi `wl-copy` zimatsalira kumbuyo zikudikira wofuna kumata. xclip yotsalirayo imagwiritsitsa pipe ija, ndiye launcher yodikira kuti pipe itsekeke imaona ngati script sinathe, ngakhale inatha kalekale. Choncho chochita chimanenanso mtundu wake. Ngati ndi chachidule chobweza yankho, ndimawerenga zotuluka zake uku chikuyenda, ndimadikira kutha kwa process yeniyeniyo osati kwa pipe, ndipo chili ndi malire a nthawi. Ngati ndi pulogalamu yokhalitsa, zotuluka zake zimapita ku journal, log ya systemd, ndipo launcher imaisiya. M'mitundu yonse iwiri stdin (kolowera mayankho) ndi /dev/null yopanda kanthu, kuti script yofunsa funso ilephere pompo m'malo modikira yankho limene silidzabwera. `sudo` ikasowa terminal yofunsirapo password imakana, ndiye zofuna mphamvu za root (woyang'anira kompyuta) zimadzera kwa `pkexec`, imene imatulutsa kawindo kofunsira.

Pali chinthu chimodzi chimene sichisungidwa m'phukusi ngakhale pang'ono. Pa Wayland, kuti windo yatsopano ibwere patsogolo, launcher imapempha token (chiphaso) kwa compositor, pulogalamu yoyang'anira mawindo, n'kuipereka kwa pulogalamu mu XDG_ACTIVATION_TOKEN. Pa X11 mnzake ndi DESKTOP_STARTUP_ID. Token imagwira ntchito kamodzi. Mukaibwereza, kapena mukapanda kuipereka, GNOME imangoonetsa uthenga woti pulogalamuyo yakonzeka, windo n'kutsalira kumbuyo. Windows nayo imaletsa pulogalamu kudziika patsogolo mwachisawawa, m'malo mwake kachizindikiro kake kamangophethira pa taskbar. Ndiye token imapemphedwa yatsopano pa kuyendetsa kulikonse, mkati mwa function imodzi ija.

Poti zonse zimene chochita chimadziwa zili m'phukusi, phukusilo likhoza kulembedwa mu fayilo. Launcher imasunga la chochita chomaliza ngati JSON, itachotsamo zamu clipboard, ndipo lamulo lakuti `replay` limayendetsanso chochitacho ndi phukusi lomwelo, zotuluka zake zonse zikuoneka pa terminal. Munthu akandilembera kuti "pa batani sichikugwira", sindimufunsanso mafunso khumi. Ndimamupempha fayilo imeneyo, ndipo kawirikawiri yankho limakhala pa mzere wa PATH kapena pa malo a windo opanda kanthu.

Pamene pamandidyerabe nthawi ndi pa mzere wa Terminal=true. Fayilo ya .desktop imangoti pulogalamuyi iyende mu terminal, osanena iti kapena motani, ndipo ma terminal samvana. xterm, Konsole ndi Alacritty zimalandira lamulo pambuyo pa `-e`. gnome-terminal imafuna `--`. kitty ndi foot zimalandira lamulolo mwachindunji. Potchula foda, Konsole imati `--workdir`, kitty imati `--directory`, Alacritty ndi gnome-terminal zimati `--working-directory`. Ndili ndi katebulo ka zonsezi mu code, ndipo terminal imene mulibe m'katebulomo mwini wake amalemba yekha mzere wake mu fayilo ya makonzedwe. gnome-terminal ili ndi khalidwe linanso: lamulo limene mwayendetsa limangotumiza pempho kwa gnome-terminal-server kudzera pa D-Bus n'kutuluka pompo ndi 0, kaya script ya mkatimo itheka kaya ilephera. Pa zochita zachidule ndimawonjezera `--wait` kuti nambala yeniyeni ya scriptyo ibwerere. Pa zokhalitsa sindidikira, ndipo mu log launcher imalemba kuti "chatumizidwa", osati "chatheka".